Extensometer ndi strain gauge: calibration imene tingaikhulupirire

Anzanga amene mumakoka zitsulo m'malabu a kuno ku Harare, kaya ku Msasa, ku Workington, ku Southerton kapena m'masukulu a uinjiniya ku Mount Pleasant ndi ku Belvedere, tiyeni tikambirane za extensometer, kachipangizo koyezera kutamuka kwa chitsulo kamene kamakhala m'kabokosi ka m'dirowa. Za load cell, chipangizo choyezera mphamvu yokokera, tonse timasamala. Satifiketi yake ya ISO 7500-1 imapachikidwa pakhoma, ndipo mlendo aliyense timamulozera. Koma mphamvu yokokera ndi theka chabe la mayeso. Theka linalo ndi kutamuka kwa chitsulocho, ndipo amene amatiuza za kutamukako ndi extensometer kapena strain gauge, kachipangizo komata pa chitsulo. Ziwirizi zikamanama, makinawo atulutsabe lipoti looneka bwino, la manambala olondoloka, koma labodza.

Tiyambe ndi kukula kwa chimene tikuyeza, chifukwa ambiri sitichiganizira. Tengani chitsulo cha konkire cha Y12, chimene chimayamba kugonja pa 450 MPa. Modulus ya chitsulo, kutanthauza kulimba kwake pokana kutamuka, ndi pafupifupi 200 GPa, choncho pofika pamene chayamba kugonja chimakhala chitatamuka ndi 0.225 peresenti yokha. Ngati timipeni ta extensometer, timene timaluma chitsulo, tatalikirana mamilimita 50, ndiye kuti tasuntha ma micron 112 (ma micron 1,000 ndi milimita imodzi), makulidwe a tsitsi liwiri basi. Mukafuna Rp0.2, proof strength yoyezedwa pamene chitsulo chatamuka kosabwerera ndi 0.2 peresenti, monga pa waya wa mesh wokokedwa wozizira amene saonetsa yield (poyambira kugonja) yoonekera, mumawonjezera ma micron 100 ena. Nkhani yonse ya modulus ndi proof strength imathera mkati mwa kota ya milimita.

Tsono extensometer yomweyo imatha kutseguka mpaka mamilimita 25. Apa ndi pamene pagona vuto limene limandipweteka mtima kwambiri. Satifiketi zambiri za calibration, ntchito yoyesa kulondola kwa chipangizo, zimaonetsa mayeso 10 ogawidwa mofanana, 2.5, 5.0, 7.5 mpaka 25, ndipo pamwamba palembedwa class 1, gulu la kulondola kwake. Zonse n'zoona. Koma muyeso woyamba uli pa ma micron 2,500, kutanthauza kuti chigawo chonse chimene inu mumagwirapo ntchito tsiku ndi tsiku sichinayesedwe ndi aliyense. Class imagwira ntchito pakati pa muyeso wotsika ndi wokwera umene unayesedwa, osati pansi pake. Mukalandira satifiketi, musayambe kuyang'ana sitampa. Yang'anani mzere woyamba wa tebulo.

ISO 9513 imagawa ma extensometer m'magulu anayi: 0.2, 0.5, 1 ndi 2. Pa class 1 cholakwika chololedwa ndi 1 peresenti ya muyeso kapena ma micron 3, kutengera chimene chili chachikulu. Pa class 0.5 ndi theka la peresenti kapena ma micron 1.5. Muone bwino tanthauzo lake. Pansi pa ma micron 300, chimene chikulamulira ndi ma micron 3 aja, ndipo pa muyeso wa ma micron 50 zimenezo ndi 6 peresenti. N'chifukwa chake ISO 6892-1 imalola class 1 pa proof strength, class 2 pa kutamuka kwakukulu, koma pofuna modulus yeniyeni imafuna class 0.5. Pa zitsulo za konkire ISO 15630-1 imanena zofananako, ndi kuwonjezera kuti pa Agt, kutamuka konse pofika pa mphamvu yaikulu koposa, timipeni titalikirane mamilimita osachepera 100. Amene mumatsata malamulo a ku America mudzapeza zilembo m'malo mwa manambala mu ASTM E83, A, B-1, B-2, C ndi zina, koma maganizo ake ndi omwewo.

Calibrator, imene timayesera extensometer, ndi chipangizo chosavuta kumva: timitengo tiwiri tachitsulo toima mzere umodzi, kena kokhazikika, kena kosuntha ndi micrometer kapena sikelo ya galasi ya digito. Kampeni kamodzi kamaluma mtengo wokhazikika, kena wosuntha. Lamulo lake ndi lakuti cholakwika cha calibrator chisapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a cholakwika chololedwa pa extensometer. Pa class 1, pa miyeso yaing'ono, ndiye kuti micron imodzi. Micrometer wamba ya m'wekishopu, ya timizere ta 0.01 mm, siyingagwire ntchito imeneyi ngakhale itakhala yatsopano m'pepala.

Ntchito isanayambe, zipangizo zonse zikhale m'chipinda chimodzi mpaka zifanane kutentha. Malamulo amafuna pakati pa madigiri 18 ndi 28, ndipo kutenthako kusasinthe kupitirira madigiri 2 ntchito ili mkati. Kuno zimenezi si zapafupi monga zimamvekera. Mu June ndi July labu ya malata imakhala pansi pa 18 m'mamawa, dzuwa likakwera n'kutentha msangamsanga. Mu October masana imadutsa 28 mosavuta. Chitsulo chimatamuka pafupifupi ma micron 11.5 pa mita iliyonse pa digiri imodzi, choncho felemu ya calibrator ya mamilimita 100 imasuntha micron imodzi ndi pang'ono pa digiri iliyonse. Dzanja lokha likagwira felemuyo kwa mphindi zingapo, gawo lalikulu la cholakwika chololedwa latha kale. Gwirani pa chopukusira pokha, tsekani chitseko, ndipo musaike calibrator pafupi ndi zenera. Magetsi akathima n'kuyakanso, kapena mwasinthira ku jenereta, perekani theka la ola kuti amplifier, yokulitsa siginolo, itenthe ndi kukhazikika. Nambala yomaliza ikamavinavina pa jenereta kapena pa inverter, dikirani magetsi abwino, chifukwa kuvina kumeneko kumawerengedwa ngati resolution ya chipangizo chanu, kusintha kochepetsetsa kumene chingaonetse, ndipo kungachigwetse class popanda chifukwa.

Choyamba kuyesa ndi mtunda wa pakati pa timipeni, umene ambiri amaudumpha. Lowetsani pini yake yokhazikitsa mtundawo, kanikizani extensometer pa kachidutswa ka aluminiyamu wofewa kapena kopa, chotsani, ndipo yezani mtunda wa tizipsera tiwirito pa maikulosikopu yoyezera. Pa mamilimita 50, class 1 imalola theka la milimita, class 0.5 kota. Pini ikatha kapena bowo lake likakula, mtundawu umasinthasintha nthawi iliyonse imene mwaimangirira. Pulogalamu ya pa kompyuta imagawabe ndi 50, osadziwa kuti lero ndi 50.6.

Mukatero mangirirani pa calibrator ndi masipuling'i kapena timphira tomwe tija mumagwiritsa ntchito pa mayeso enieni. Itseguleni ndi kuitseka kawiri mpaka kumapeto kwa chigawo chimene mukuyesa, kuti zonse zikhale m'malo. Bwererani pansi pang'ono pa ziro, kenako yandikirani ziro mukupukusa chokwera, n'kuika ziro pa kompyuta. Kuyambira apo pukusani mbali imodzi yokha. Mukapitirira pang'ono, mwachitsanzo mumafuna 100 mwafika 101.5, musabwerere m'mbuyo. Lembani 101.5 yomweyo ndi zimene kompyuta ikuonetsa. Mazinga a micrometer ali ndi kampata, ndipo mukabwerera kampatako kamalowa m'manambala anu ngati kuti ndi vuto la extensometer.

Mayeso asachepere 10, ndipo muwasankhe potengera ntchito yanu. Pa labu ya zitsulo ine ndimalimbikitsa 20, 40, 70, 100, 200, 400, 700, 1,000, 2,000, 4,000 ndi kupitirira mpaka pamene mumachotsera extensometer. Mukamaliza ulendo woyamba, ichotseni, imangirireninso, n'kubwereza. Kuchotsa kumeneku si mwambo chabe. Ndi kumene kumaulula timipeni tobuntha ndi masipuling'i otopa, chifukwa ulendo wachiwiri umasiyana ndi woyamba.

Manambala olakwika amalankhula, mukawajambula pa graph. Cholakwika chikamakula mofanana ndi muyeso, 1.5 peresenti paliponse, ndiye kuti ndi gain, nambala yochulukitsira siginolo, ndipo imakonzeka pa pulogalamu. Chikakhala chofanana, ma micron 4 kuyambira pa muyeso wachiwiri mpaka kumapeto, kampeni kanaterera poyambira kapena ziro inaikidwa kampata kasanatsekeke. Mzere ukapindika kumapeto, kawirikawiri mkono unapindika tsiku limene chitsulo chinaduka extensometer ikadali pomwepo. Kutembenuza gain sikungawongole mkono. Ndipo chingwe chake musachisiye chikulendewera, chimangeni pa felemu, chifukwa kulemera kwa chingwe kokha kumakoka thupi la extensometer n'kupendeketsa timipeni.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha ndithu, akuluakulu oyang'anira malabu. Musalole munthu kukhudza gain asanalembe manambala monga anawapezera. Ulendo woyamba ndi umboni wa mmene chipangizocho chakhala chikugwirira ntchito chaka chonse. Ngati chapezeka kunja kwa class, pali malipoti amene anatuluka kale, ndipo ena mwa iwo ali m'mafayilo a nyumba zimene zikumangidwa. ISO/IEC 17025, ya kayendetsedwe ka malabu, imafuna kuti mubwerere m'mbuyo n'kuona kuti ndi mayeso ati akhudzidwa. Wochita calibration akayamba ndi kukonza, n'kukupatsani manambala okongola okhaokha, wakubisirani chinthu chofunika kuposa satifiketi.

Dziwaninso kuti chimene chayesedwa si kachipangizo kokha ayi. Ndi extensometer, chingwe chake, channel ya amplifier ndi pulogalamu, zonse pamodzi. N'chifukwa chake calibration imachitikira pa makina anu, manambala n'kuwerengedwa pa sikirini yomwe mumawerengapo masiku onse. Mukabwereka extensometer ya makina ena n'kuilumikiza pa anu, satifiketi yake yatsala kumene yachokera. Chimodzimodzi mukasintha kadi ya amplifier kapena kulumikiza chingwe chimene chinaduka. Nthawi yoyenera kubwereza ndi miyezi 12, ndipo isapitirire 18.

Calibrator nayonso imafuna woiyesa. Muyeso wa dziko lino umasungidwa ndi National Metrology Institute ya SIRDC, bungwe la kafukufuku wa sayansi ndi mafakitale, ku Hatcliffe, ndipo ku South Africa ntchito imeneyi imagwiridwa ndi NMISA ku Pretoria. Malabu ambiri a m'chigawo chino amavomerezedwa ndi SADCAS ya ku Gaborone. Poitana kampani yodzachita calibration, pemphani pepala la ntchito zimene inavomerezedwa, muone ngati extensometer yalembedwapo ndi cholakwika chochepetsetsa chimene angathe kufika. Kuvomerezedwa pa mphamvu yokokera sikutanthauza kuvomerezedwa pa kutamuka.

Pakati pa chaka musangokhala. Sungani ndodo imodzi yachitsulo yosalala bwino, yolembedwa chizindikiro, imene simudzaikoka kupitirira theka la yield yake. Kamodzi pa mwezi ikokeni, lembani modulus, tembenuzani extensometer mbali inayo ya ndodo, kokaninso. Manambala awiriwa akasiyana kwambiri, mwina 190 ndi 220, pamene pakati pake pali bwino, extensometer ilibe mlandu. Zibwano za makina sizili mzere umodzi ndipo ndodoyo ikupindika. Onse awiri akatsika limodzi mwezi ndi mwezi, ndiye yang'anani chipangizocho. Chitsulo wamba chikakupatsani 160 kapena 250 GPa, musasaine lipotilo. Pa zitsulo za konkire samalaninso nthiti zake: kampeni kakakhala pa phewa la nthiti kamatsetsereka chitsulo chikayamba kukokedwa, ndipo graph imaonetsa kasitepe. Ikani timipeni pa msana wautali wa chitsulocho, mutapala dzimbiri ndi makoko ake. Za kugwiritsa ntchito kuyenda kwa crosshead, mutu wosuntha wa makina, m'malo mwa extensometer sindichulukitsa mawu: mmenemo muli kutamuka kwa makina onse ndi kuterera kwa zibwano, modulus yake imatuluka yotsika kwambiri.

Strain gauge ndi nkhani ina. Lord Kelvin anaonetsa mu 1856 kuti waya akakokedwa resistance yake imasintha, ndipo mu 1938 Edward Simmons ndi Arthur Ruge, aliyense payekha ku America, anapeza njira yomata kawaya pa chinthu chimene chikuyesedwa. Vuto lake mpaka lero ndi lomwelo: gauge ikamatidwa siimatulidwanso. Simungaiyese pa calibrator kenako n'kukaimata pa mlatho. Gauge factor yolembedwa pa paketi, nambala yosonyeza mmene resistance imasinthira ndi kutamuka, kawirikawiri pakati pa 2.0 ndi 2.1, wopanga anaipeza poyesa zitsanzo zochepa za gulu limenelo. Choncho paketi musataye, ndipo ma gauge a mapaketi osiyana musawasakanize m'botolo limodzi.

Chimene timatha kuyesa ndi njira ya magetsi, pogwiritsa ntchito shunt. Mukalumikiza resistor yaikulu, imene ndiyo shunt, mopingasa gauge, resistance imatsika pang'ono ndipo chipangizo chimaona ngati chitsulo chafinyika. Masamu ake ndi awa: resistance ya gauge muigawe ndi kuphatikiza kwa gauge ndi shunt, zotsatirazo muzigawenso ndi gauge factor. Pa gauge ya ma ohm 120 ndi factor 2.00, resistor ya ma ohm 59,880 imapereka microstrain 1,000 (microstrain imodzi ndi kutamuka kwa micron imodzi pa mita). Pa ya 350 ndi 174,650. Pa quarter bridge, pamene gauge ndi mkono umodzi mwa mikono inayi ya njira ya magetsi, zimenezi ndi theka la millivolt pa volt iliyonse, kasiginolo kakang'ono zedi.

Msampha uli apa. Ma resistor amenewa anawerengedwa pa factor 2.00. Ngati paketi yanu ikuti 2.10 ndipo mwalowetsa 2.10 m'chipangizo, shunt ya 59,880 iyenera kuonetsa 952, osati 1,000. Munthu akaona 952 n'kuganiza kuti chalakwika, n'kupotokola mpaka 1,000, waika yekha cholakwika cha 5 peresenti pa muyeso uliwonse wotsatira. Werengani nambala yoyembekezeka papepala musanadine batani.

Mawaya nawo amadya siginolo. Waya wa kopa wa makulidwe a AWG 24 ali ndi pafupifupi ma ohm 0.084 pa mita. Gauge ikakhala mamita 10 kuchokera pa chipangizo, waya aliyense ali ndi 0.84. Mukalumikiza ndi mawaya awiri okha, 1.68 yalowa mu mkono wa gauge ya 120, ndipo muyeso watsika ndi 1.4 peresenti. Zimenezo n'zochepa poyerekeza ndi za kutentha. Kopa amasintha pafupifupi 0.39 peresenti pa digiri, choncho dzuwa likawotcha mawayawo ndi madigiri 10, resistance imakwera ndi 0.066, ndipo chipangizo chimawerenga microstrain 275 pa chitsulo chimene sichinasunthe n'komwe. Pa chitsulo ndi ngati 55 MPa ya bodza. Aliyense amene anayezapo denga la shedi kapena thanki panja masana akudziwa mmene manambala amayendera mtambo ukadutsa. Mankhwala ake ndi mawaya atatu ofanana kutalika ndi makulidwe, opotedwa pamodzi kuti atenthe mofanana. Kusintha kwa kutentha kumafafanizika, ngakhale kutsika kwa 0.7 peresenti kumatsalabe. Gauge ya 350 imachepetsa zonsezi pafupifupi katatu, ndipo pa mawaya aatali ndiyo yoyenera kugula.

Kuti kutsika kotsalako kuoneke, shunt yoyamba ichitikire pa gauge penipeni, pa timalo towotcherera mawaya. Batani la shunt la zipangizo zina limalumikiza resistor mkati mwa bokosi, pa mkono umene suona mawaya anu, ndipo lidzakuuzani kuti zonse zili bwino ngakhale mawaya atakhala mamita 50. Buku la chipangizo limanena mkono umene batanilo limakhudza.

Koma ngakhale shunt itachitika bwino chotani, siidziwa kanthu za guluu. Gauge yomatuka theka imapambana shunt mofanana ndi yomatidwa bwino, chifukwa resistance yake ndi yomweyo. Ubwino wa muyeso umagamulidwa pomata. Tsukani mafuta ndi isopropyl alcohol, kupukuta mbali imodzi ndi kansalu katsopano ulendo uliwonse. Palani ndi sandipepa wa 220, kenako 320 kapena 400. Mzere wolozera muujambule ndi bolopeni kapena pensulo yolimba, osati chokandira, chifukwa mkwasa umayambitsa mng'alu. Pakani mankhwala okonzera pomata, conditioner kenako neutraliser, ndipo pamalopo musakhudzenso ndi chala. Guluu wa cyanoacrylate akhale kadontho kamodzi, mukanikize ndi chala chachikulu kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Guluu ameneyu amauma ndi chinyezi cha mumpweya, choncho m'miyezi youma ya August ndi September amachedwa, ndipo chala chisachoke msanga. Botolo likachoka mufiriji lisatsegulidwe lisanafunde, apo ayi mame amalowa n'kuwononga guluu yense. Guluu wochindikala kapena wakale amaonekera pa mayeso: katundu ali chikhalire koma nambala ikutsika pang'onopang'ono, ndipo mukachotsa katunduyo siibwerera pa ziro.

M'dzinja mdani ndi madzi. Yezani resistance pakati pa gauge ndi chitsulo, iyenera kukhala ma megohm masauzande ambiri. Gwiritsani ntchito choyezera cha volteji yochepa, osati megger ya 500 V ya amagetsi, imene ingabowole kapepala ka gauge. Flux, mankhwala owotcherera mawaya, yotsala pa malo owotcherera imakoka chinyezi, ndiye itsukeni musanapake zotchingira. Volteji yodyetsa bridge nayo isachuluke. Pa 5 V gauge ya 120 imatulutsa kutentha kwa ma milliwatt 52, pa 2 V ndi 8 okha. Chitsulo chochindikala chimamwa kutenthako, koma pulasitiki ndi konkire sizitero, ndipo ziro imayendayenda. Muonenso kuti gauge inapangidwira chitsulo chanji: ya aluminiyamu, amene amatamuka ma micron 23 pa mita pa digiri imodzi, ikamatidwa pa chitsulo chotamuka 11 kapena 12, digiri iliyonse imabweretsa microstrain pafupifupi 12.

Njira yoyesera dzanja la womata pamodzi ndi guluu, gauge ndi chipangizo ndi kachitsulo kopyapyala kopanidwa mbali imodzi. Tengani kotambalala mamilimita 25, kochindikala 3, matani gauge pamwamba pafupi ndi popanira, ndipo pa mtunda wa mamilimita 200 kuchokera pakati pa gauge pachikani kilogalamu imodzi. Kutamuka ndi 6 kuchulukitsa mphamvu ndi mtunda, kugawa ndi modulus, mulifupi ndi makulidwe ochulukitsidwa okha. Pa 205 GPa zimatuluka microstrain 255. Makulidwewo muwayeze ndi micrometer pa malo a gauge penipeni, chifukwa kulakwitsa ndi 0.03 mm kumasanduka 2 peresenti. Wonjezerani mpaka makilogalamu awiri, kenako atatu, muone ngati manambala akukwera mofanana, 510 ndi 765, kenako chotsani onse muone ziro. Tembenuzani kachitsuloko gauge ikhale pansi, ikaninso ziro, ndipo mupeze manambala omwewo ndi chizindikiro cha kuchotsera. Wophunzira aliyense watsopano m'labu amate gauge yake pa kachitsulo kotere ndi guluu wa botolo limene likugwiritsidwa ntchito, asanapatsidwe chitsulo cha kasitomala.